Kuwedza ndi nyambo yopanga pa mchenga wa ku Vilankulo: malangizo a m'mawa umodzi

Amene munaphunzira mbedza pa nyanja ya Malawi kapena mu Shire, luso lambiri muli nalo kale: kumanga mfundo, kumva nsomba ikamagwedeza chingwe, kudekha. Pali chimodzi chimene nyanja yathu siphunzitsa. Ku Senga Bay, madzi amene mwawasiya m'mawondo m'mawa mudzawapeza m'mawondo momwemo madzulo. Ku Vilankulo, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, nyanja yamchere imaphwa kawiri pa tsiku, n'kusiya mchenga pamtetete mpaka kutali cha ku zilumba za Magaruque ndi Benguerra, ngalawa zamatanga zitagonera m'mbali pouma. Kenako madzi amabwerera. Kudzaza ndi kuphwa kumeneku pa Chipwitikizi amati maré. Nsomba zimayenda nako, ndipo inunso muziyenda nako. Nyambo yake pano si nyongolotsi kapena usipa ayi, koma yopanga: kachitsulo kapena kapulasitiki konamizira kansomba kamoyo.

1. Pezani ndandanda wa maré wa dera la Vilankulo musanasankhe tsiku. Umapezeka pa intaneti ndiponso m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja. Lembani nthawi imene madzi aphweretu ndi nthawi imene adzazire. Kuchoka pa kuphwa kufika pa kudzaza pamapita maola 6 ndi mphindi pang'ono, ndipo tsiku lililonse nthawizi zimachedwa ndi mphindi pafupifupi 50. Choncho nthawi imene mnzanu anagwirira nsomba Lachiwiri singakuthandizeni Loweruka.

2. Sankhani tsiku limene madzi aphweretu pakati pa 5 koloko ndi 7 koloko m'mawa. Pa gombe limeneli masiku otere amagwa kawirikawiri patangopita masiku awiri kapena atatu mwezi utaoneka theka. Ubwino wake ndi woti mbandakucha ndi kuyamba kwa madzi kukwera zimakumana, ndipo nsomba zimalowa pa mchenga zili ndi njala, kuwala kusanachuluke. Masiku amenewa madzi amakweranso pang'onopang'ono, zimene zili zabwino kwa mlendo. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, zinthu zimatembenuka: kukamacha madzi amakhala atadzaza, n'kuphweratu cha m'ma 10 kapena 11 koloko, ndipo kusiyana kwa kudzaza ndi kuphwa kumaposa mamita 3. Ngati tsiku lokhalo limene muli nalo ndi lotere, musataye mtima. Muwedze madzi akamachoka, mutaima pakamwa pa ngalande zimene zikukhetsa madzi a pa mchenga, chifukwa tinsomba tonse timatulukira pamenepo.

3. Tengani chiphaso dzulo lake. Ku Mozambique kuwedza kongosangalala nakonso kumafuna chilolezo cha boma. Zilumba zisanu za Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi Bangué pamodzi ndi madzi ozizungulira ndi malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa koyamba mu 1971, ndipo kuyambira 2017 bungwe la African Parks limayendetsa malowa mogwirizana ndi boma. Mukafuna kuwolokera ku zilumbazo, lipirani ku ofesi yawo ndipo funsani malo oletsedwa kuwedza, monga Two Mile Reef. M'mawa ofesi imatsegulidwa madzi anu atapita kale.

4. Pitani mukayende pa mchengawo madzi ataphwa, opanda mbedza m'manja, tsiku loti mawa muwedza. Pa malangizo onsewa, ili ndi limene ndimalimbikira kwambiri, ndipo ndi limene anthu ambiri amalidumpha. Madzi akaphwa, pansi pa nyanja pamaonekera ngati munda wopsereza. Onani ngalande zimene madzi amayenda, maenje amene madzi atsalira, malire a mchenga ndi udzu wam'madzi, ndiponso pamene mchenga wodzadza ndi timaenje ta nkhanu ukuthera. Madzi akabwera zonsezi zimabisika, koma nsomba zimatsata zomwezo ngati misewu. Pa ngalande iliyonse imene mwaikonda, pezani zizindikiro ziwiri kumtunda zimene zikuyang'anizana nayo, monga mtengo wa kokonati ndi denga la nyumba, kuti mawa muipeze ngakhale itamira. Chofunika kuposa zonse, onani ngalande zimene zili pakati pa malo owedzera ndi kumtunda. Zimenezo ndi zimene zimayamba kudzaza kumbuyo kwanu.

5. Perekani moni kwa eni dera amene muwapeze pa mchenga, ndipo funsani. Ambiri amalankhula Chitswa ndi Chipwitikizi. Amayi amene amatola nkhono za mapalo ndi abambo okoka makoka amadziwa ngalande imene imadzaza msanga kuposa ndandanda uliwonse. Musaponye pafupi ndi ukonde wa munthu kapena msampha wake, chifukwa inu mwabwera kudzasangalala pamene iye akufuna ndiwo za ana.

6. Tengani ndodo yopepuka, yotalika mamita 2.1 mpaka 2.4, ndi chokulungira chingwe, chimene asodzi amati rilu, cha nambala 2500 kapena 3000. M'mawa umodzi muponya kambirimbiri, ndipo ndodo yolemera imatopetsa phewa ola lisanathe.

7. Kulungani chingwe choluka chopyapyala, cholimba makilogalamu 5 mpaka 7, chotalika mamita osachepera 150. Kumapeto kwake lumikizani mita imodzi ya chingwe choonekera ngati galasi, cholimba makilogalamu 10 mpaka 14. Choluka chimafika patali ndipo sichitamuka, choncho mumamva ngakhale nsomba ikangokhudza. Koma m'madzi oyera a pa mchenga chimaoneka, ndipo chimaduka msanga chikakhuzika ndi zigoba. Nyowetsani mfundo ndi malovu musanaikoke, kenako ikokeni mwamphamvu ndi manja. Ngati ili yoti iduke, iduke muli kunyumba.

8. Konzani buleki ya rilu usiku woti mawa muwedza. Mangani botolo la madzi la malita 1.5 kumapeto kwa chingwe, ndipo tembenuzani buleki mpaka chingwe chizingoyamba kutuluka mukamanyamula botolo. Kulemera kumeneku ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu ya chingwe chanu. Nsomba za m'madzi osaya zilibe kozama kothawira, choncho zimathamanga molunjika kutali, ndipo buleki yothina imadutsa chingwe pa liwiro loyamba lomwelo.

9. Nyamulani nyambo za mitundu itatu yokha, ziwiriziwiri. Yoyamba ndi supuni, kachitsulo konyezimira ka magalamu 10 mpaka 20. Yachiwiri ndi kansomba kofewa ka pulasitiki, ka masentimita 7 mpaka 10, kovekedwa pa mbedza ya mutu wamtovu wa magalamu 7 mpaka 10. Sankhani koyera kapena ka mtundu wa mchenga. Yachitatu ndi yoyandama, yokumbika kukamwa, imene imathovola madzi mukaikoka, ndipo amaitcha popa. Imodzi imagwira ntchito pamwamba, ina pakati, ina pansi. Bokosi lodzaza limachititsa munthu kumangosintha nyambo pamene madzi abwino akudutsa.

10. Finyani kamnga kobwerera ka mbedza iliyonse ndi pulayala. Nsomba imene mufuna kuibweza imamasuka msanga, ndipo mbedza ikalowa m'chala chanu muli kilomita imodzi kuchokera kumtunda, imatuluka mosavuta.

11. Valani nsapato zotseka zokhala ndi pansi polimba, ngakhale zakale zothamangira. Mapatapata amatsalira m'matope, ndipo zigoba zina zimaima chilili mumchenga, zakuthwa ngati lumo. Valani malaya a manja aatali, chipewa, ndi magalasi odula kunyezimira kwa madzi. Magalasi amenewa si odzikongoletsera: popanda iwo mumaona thambo pamwamba pa madzi, mukawavala mumaona pansi. Ikani madzi akumwa malita 2 m'kachikwama kakumsana, ndipo foni muikulunge m'pulasitiki.

12. Uzani munthu kumene mukupita ndi nthawi imene mubwerere, ndipo nthawiyo muiwerengere musanaponde madzi. Madzi sakwera mofanana maola onse 6. Gawani kukwera konse m'magawo 12: ola loyamba limabweretsa gawo limodzi, lachiwiri magawo 2, lachitatu 3, lachinayi 3, lachisanu 2, lomaliza limodzi. Tinene kuti ndandanda ukusonyeza kuti madzi akwera mamita 1.2 tsikulo. Ola loyamba akwera masentimita 10 okha, lachitatu 30. Tsiku la mamita 3.6, ola loyamba ndi masentimita 30, koma lachitatu ndi 90, kutanthauza kuti pamene munadutsa m'akakolo pakhala m'chiuno. Ola loyamba limanamiza, chifukwa munthu amaona ngati madzi ndi aulesi. Ikani belu la pa foni kuti lilire patapita maola awiri kuchokera pamene madzi anaphweratu, ndipo likalira mukhale mutawoloka kale ngalande yozama ya kumbuyo kwanu.

13. Fikani pa gombe mphindi 30 dzuwa lisanatuluke. Mu December limatuluka cha m'ma 5 koloko, mu June patapita 6 koloko. M'mawa mphepo imakhala isanadzuke, pamwamba pa madzi pali bata, ndipo chilichonse choyenda chimadziulula. Mukapeza mphepo yakummwera ikuwomba mwamphamvu, ngati mwera wa kwathu, ndipo madzi avunduka, bwererani mukagone. Kuyambira November mpaka April mverani za nyengo dzulo lake, chifukwa ndi nthawi ya namondwe.

14. Imani mphindi 10 m'mphepete musanaponye. Yang'anani tinsomba todumpha pamodzi ngati mpunga wouluzidwa m'lichero, mbalame zoyera zodzigwetsa m'madzi, kapena kamzere ka madzi kosongoka koyenda motsutsana ndi mafunde. Amene munaonapo ncheni zikuthamangitsa usipa mudzazindikira msanga. Kumeneko ndi kumene muyambire.

15. Yendani mokweza mapazi pansi, osanyamula mwendo. Pali zifukwa ziwiri. Choyamba ndi raia, nsomba yophwatalala ngati lichero, ya mchira wokhala ndi munga wapoizoni, imene imadzikwirira mumchenga. Mukaigunda m'mbali imathawa, mukaiponda pamsana imabaya. Chachiwiri ndi phokoso: m'madzi a m'mawondo nsomba zimamva munthu wothyakula madzi ali kutali, inu musanazione.

16. Yambani ndi popa pakamwa pa ngalande kuwala kusanachuluke. Ponyani, dikirani mpaka timafunde ta pamene yagwera tithe, kenako gwedezani nsonga ya ndodo kawiri, imani pang'ono, gwedezaninso. Nthawi imeneyi simungaone pansi, choncho nyambo iziitana yokha ndi phokoso. Nsomba ikaphulitsa madzi kumbuyo kwa nyambo, musakoke. Pitirizani mpaka mumve kulemera m'dzanja. Nthawi zambiri imaphonya koyamba n'kubweranso, ndipo wokoka ndi mantha amailanda nyambo pakamwa.

17. Ponyani pafupi kaye, kutali pambuyo. Yambani ndi mamita 10, kumanzere, kutsogolo, kumanja. Kenako mamita 20 chimodzimodzi. Kenako mphamvu zanu zonse. Mukayamba kutali, chingwe chimagwera pamitu pa nsomba zapafupi n'kuzibalalitsa. Mukamaliza popanda kanthu, sunthani mapazi 15 ndipo yambaninso. Pamalo amodzi musapitirire mphindi 10, chifukwa madzi akusuntha ndipo nsomba zikusuntha nawo.

18. Dzuwa likatuluka, mangani supuni ndipo kulungani mothamanga. Xaréu, imene Angerezi amati kingfish, nsomba yasiliva ya mutu wobuntha ndi mchira wamphanda, imasaka ndi liwiro, ndipo kanthu koyenda mwaulesi imakayang'anitsitsa n'kukakana. Chimodzimodzi queenfish, yaitali yopyapyala ya madontho m'mbali, imene imadumpha m'mwamba ikakodwa. Yambani kukulunga supuni ikangokhudza madzi, nsonga ya ndodo ili m'mwamba, kuti isakoke udzu. Mukaona nsomba ikutsatira, onjezani liwiro. Kansomba kamoyo sikaima kudikira mdani.

19. Pakapanda chothamangitsa pamwamba, tsikani pansi ndi kansomba kofewa. Apa m'pofuna kudekha kwa msodzi wa kampango. Ponyani cha kumene madzi akuchokera, kuti nyambo ibwere ndi madzi monga chakudya chenicheni chimabwerera. Isiyeni ifike pansi. Mudziwa chingwe chikalefuka. Ikwezeni pang'ono ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri, isiyeninso igwe, werengani mpaka 2, bwerezani. Ikagunda pansi imadzutsa kafumbi ka mchenga ngati nkhanu yothawa. Imene mukuifuna pano ndi flathead, ya mutu wophwatalala ndi maso pamwamba, imene imagona itadzikwirira m'mphepete mwa ngalande ndi pamalire a udzu, kudikira chodutsa. Imagwira nyambo ikamagwa, osati ikamakwera, ndipo mumangomva kugogoda kumodzi kapena kulemera ngati mwakola udzu. Kulemera kulikonse kokayikitsa, kwezani ndodo. Flathead siyenda kutali kutsatira nyambo, choncho pesani m'mphepete monse mwa ngalande, mita ndi mita. Nyama yake ndi yoyera, yokoma, ndipo m'mawa wovuta ndi imene imapulumutsa ndiwo.

20. Cha m'ma 8 koloko tembenukani kuti dzuwa likhale kumsana kapena paphewa. Ku Vilankulo nyanja ili kum'mawa, choncho woyang'ana kunyanja amayang'anizana ndi dzuwa ndipo saona kanthu. Popeza madzi akukukankhirani kumtunda, yendani nawo mukuyang'ana cha kumadzulo kapena motsata gombe. Tsopano mukhoza kusaka ndi maso. Musafune nsomba yeniyeniyo, funani mthunzi wake pa mchenga, chifukwa thupi lasiliva limatenga mtundu wa pansi koma mthunzi subisika. Mukaona raia ikufukula mchenga, ponyani pambali pake: xaréu imakonda kuitsatira kuti itole zimene zavumbuluka.

21. Nsomba imene mwaiona, iponyereni mamita 2 kapena 3 kutsogolo kwake, ndipo nyambo iziyenda moithawa. Yogwera pamutu imaiopsa ngati mbalame yochokera m'mwamba, ndipo yoyenda molunjika kwa iyo imaidabwitsa. Weramani pang'ono poponya, ndipo mthunzi wanu usafike pamene ili.

22. Ikakodwa, kwezani ndodo ndipo ilekeni ithamange. Musagwire rilu ndi dzanja, musathinitse buleki. Ikaima, kokani ndi ndodo, kenako kulungani mukutsitsa ndodo. Chingwe chisalefuke ngakhale kamphindi, popeza mbedza zanu zilibe kamnga kobwerera. Queenfish ikadumpha, tsitsirani nsonga ya ndodo m'mbali. Itsogolereni ku madzi a m'akakolo, osati kumiyendo kwanu, chifukwa nsomba yozungulira miyendo ili ndi mbedza kukamwa imakola mwini wake.

23. Nyowetsani manja musanaigwire, ndipo dziwani pamene pali minga. Flathead ili nayo m'mbali mwa mutu, queenfish pamsana ndi kumimba, ndipo xaréu ili ndi mamba akuthwa pafupi ndi mchira. Masulani mbedza ndi pulayala. Yoti ibwerere, musaigoneke pa mchenga wouma, chifukwa mchenga umachotsa lende loteteza khungu lake. Igwireni m'madzi mutu utaloza kumene madzi akuchokera mpaka ikankhe yokha.

24. Sungani zokwanira chakudya cha tsikulo, ziwiri kapena zitatu zapakatikati. Zipheni pomwepo, dulani kukhosi kuti magazi atuluke, ndipo muziike m'thumba lakumsana lonyowa. Musazimangirire m'chiuno zikukha magazi m'madzi, chifukwa madzi akamakwera shaki zazing'ono nazo zimalowa pa mchenga. Tiana ndi zazikulu kwambiri zibwerere. Mukawedza pamalire a udzu wam'madzi, imani pa mchenga osapondaponda udzuwo. Ndi mobisala tiana ta nsomba, ndiponso ndi chakudya cha dugong, nyama yoyamwitsa ya m'nyanja imene yatsala pang'ono kutha pa gombe lonse la kum'mawa kwa Africa, ndipo gulu lalikulu lotsala lili m'madzi a Bazaruto omwewa.

25. Bwererani kumtunda pamodzi ndi madzi, osalola kuti apitirire ntchafu. Mphindi 15 zilizonse chewukani muone zizindikiro zanu ziwiri ndi ngalande ya kumbuyo. Powoloka ngalande yoyenda, dutsani mopingasa motsata madzi, ndodo ili m'mwamba. Belu likalira nsomba zikudya, nyamukanibe. Mukawoloka mudzazipeza zafika tsidya lomwelo, chifukwa nazo zikutsata madzi. Ola lachitatu ndi lachinayi muwedze muli pamalo oti kumbuyo kwanu kuli mchenga wouma wokhawokha.

26. Raia ikakubayani, tulukani m'madzi nthawi yomweyo, tsukani bala, ndipo liviikeni m'madzi otentha amene khungu lingapirire osapsa, kwa mphindi 30 mpaka 90, mukuonjezera otentha akamazizira. Kutentha kumachepetsa ululu wa poizoniyo. Kenako pitani kuchipatala ngakhale ululu utachepa, chifukwa tizidutswa ta munga timatsalira m'kati ndipo bala limatukusira. Ngati munga walowa pamimba kapena pachifuwa, musauzule. Thamangirani kuchipatala uli momwemo.

27. Lekani cha m'ma 10 koloko. Pofika nthawiyi mphepo yochokera kunyanja imakhala itayamba, madzi azama, nsomba zabalalika pa mchenga wonse, ndipo dzuwa layamba kuwotcha kuchokera kumwamba ndi m'madzi momwe.

28. Mukafika, tsukani ndodo, rilu, nyambo ndi pulayala ndi madzi abwino musanadye. Thinitsani buleki potsuka kuti madzi asalowe m'kati, thirani madzi mofatsa osati mopopera, pukutani, kenako masulani buleki ndi kuyanika pamthunzi. Madzi amchere si madzi a ku Mangochi: mbedza yosatsuka imachita dzimbiri usiku umodzi. Dulani mita ya chingwe choonekera ija ngati yakhakhala mukaipapasa ndi zala. Pomaliza lembani m'kabuku tsiku, maonekedwe a mwezi, nthawi imene madzi anaphweratu, ngalande imene munaima, ndi mphindi zimene zinapita kuchokera pa kuphwa kufika pa nsomba yoyamba. Pakatha masiku 14 kapena 15 madzi adzaphwanso pa nthawi yomweyo, ndipo mudzakhale mutaima kale pa ngalande imeneyo mphindi 10 nthawi munalembayo isanakwane.